Mafunso ndi Mayankho: Chitetezo cha Anthu Ogwira Ntchito Pansi pa Ma Drone pa Malo Omanga

Ma drone, tindege touluka popanda munthu m'kati, ayamba kuoneka pa ntchito zomanga misewu, milatho, masukulu ndi nyumba zosanjikizana. Amene amawagula ndi makontirakitala, amene amawaulutsa nthawi zambiri ndi achinyamata ophunzira bwino, koma amene amakhala pansi pake tsiku lonse ndi omanga, akalipentala, owotcherera zitsulo ndi aganyu okanya simenti. Mafunso otsatirawa ndi amene anthu amenewa, pamodzi ndi akapitawo awo, ayenera kuyankhidwa kandegeko kasananyamuke.

Kodi drone imadzachita chiyani pamalo omanga?

Ntchito yake yaikulu ndi kujambula kuchokera m'mwamba. Ikajambula zithunzi mazanamazana zolowerana, kompyuta imazilumikiza n'kupanga mapu a malo onse, ndipo kuchokera pa mapuwo mainjiniya amadziwa kukwera ndi kutsika kwa nthaka, kuchuluka kwa dothi lomwe lakumbidwa, ngakhale kukula kwa mulu wa mchenga kapena miyala ya kwale. Ntchito yomwe oyeza malo akanaigwira kwa masiku angapo akuyenda pansi imatha m'maola ochepa. Imathandizanso kuona denga, kunsi kwa mlatho, thanki yamadzi ya pamwamba kapena khoma lalitali popanda kutuma munthu kukwera. Apa mpamene pali phindu lake lenileni pa nkhani ya chitetezo, pakuti kugwa kuchokera pamwamba ndi imodzi mwa ngozi zimene zimapha omanga ambiri, ndipo ku America ndiyo imatsogolera pa imfa za pa ntchito zomanga chaka ndi chaka. Ulendo uliwonse umene kandege kapita m'malo mwa munthu ndi ulendo umene munthuyo sanapondere pa makwerero.

Ngati imachepetsa ngozi chomwecho, n'chifukwa chiyani mukuikamba ngati chinthu choopsa?

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Drone imachotsa munthu mmodzi pamalo oopsa, koma imaika chinthu cholemera, chokhala ndi mapulopela akuthwa, pamwamba pa mitu ya anthu makumi angapo amene sanafunsidwe. Ofufuza a pa University of Florida ku America, amene akhala akuunika nkhaniyi kwa zaka zingapo, amagawa chiopsezocho m'magulu atatu: kuvulala kwa thupi pamene kandege kagwera kapena kawomba munthu, kusokonezeka kwa maganizo pamene wantchito wachotsa maso pa ntchito yake, ndi nkhawa imene imabwera munthu akamamva kuti akuonedwa nthawi zonse. Anthu ambiri amangoganizira gulu loyamba, koma kwa munthu amene ali pa sikafodi, nsanja imene omanga amaimapo pogwira ntchito pamwamba, gulu lachiwiri ndilo loopsa kwambiri.

Kandege kakang'ono chonchi kangavulazedi munthu wovala helemeti?

Inde, ndipo masamu ake ndi osavuta. Helemeti ya pa ntchito imene imatsata muyezo wa ku Ulaya wotchedwa EN 397 imayesedwa pogwetserapo chitsulo cholemera makilogalamu 5 kuchokera pa msinkhu wa mita imodzi. Tsono titenge drone ya mtundu wa DJI Phantom 4, imene yagwiritsidwa ntchito kwambiri pojambula mapu, yolemera pafupifupi makilogalamu 1.4. Itazima ili pa mamita 30, mphamvu imene ingafike nayo pansi ndi yoposa ya chiyeso chija pafupifupi kasanu ndi katatu, tikapanda kuwerengera mpweya umene umaichedwetsako. Mpweyawo umachepetsadi liwiro, koma suchepetsa mokwanira kuti helemeti ipirire. Ma drone akuluakulu a ntchito za mainjiniya, monga Matrice 300, amalemera kupitirira makilogalamu 6 akaikidwa mabatire. Komanso helemeti imateteza pamwamba pa mutu pokha, pamene khosi, mapewa, msana ndi nkhope zimakhala pamtunda.

Palinso mapulopela. Amazungulira maulendo zikwi zingapo pa mphindi imodzi, ndipo ngakhale ali a pulasitiki amacheka khungu mozama, amatha kudula mitsempha ya zala ndi kuphulitsa diso. Ngozi zambiri zotere zimachitika pansi, ponyamuka kapena potera, makamaka munthu akafuna kuthandiza poigwira ndi manja drone ikadali kulira.

Nanga chimene chimagwetsa drone pamalo omanga n'chiyani, popeza timamva kuti imadziyendetsa yokha?

Malo omanga ndi amodzi mwa malo ovuta kwambiri kuulutsirapo, ndipo woyendetsa amene anazolowera kujambula maukwati kapena minda akhoza kudabwa pa tsiku loyamba. Drone imadziwa komwe yaloza pogwiritsa ntchito kampasi, ndipo kampasi imasokonezeka ndi chitsulo. Silabu ya konkire imaoneka ngati malo abwino onyamukirapo chifukwa ndi yosalala, koma m'kati mwake muli zitsulo zolukanalukana. Chimodzimodzinso denga la galimoto, mulu wa malata ndi kontena yosungiramo katundu. Kandege kakanyamuka ndi kampasi yosokonezeka kamatha kuyamba kuzungulirazungulira, bwalo lake likukulirakulira, mpaka kuwomba khoma.

Chachiwiri ndi GPS, njira imene drone imadziwira pamene ili pogwiritsa ntchito masetilaiti. Pafupi ndi khoma lalitali, pansi pa mlatho kapena m'kati mwa nyumba yosatha, mauthenga ochokera ku masetilaiti amatchingidwa kapena amafika atanjanja pa makoma. Zikatero drone imasiya kudziimitsa pamalo amodzi ndipo imayamba kutengeka ndi mphepo, kotero kuti woyendetsa ayenera kuigwira ndi luso la zala zake zokha. Woyendetsa amene sanayeserepo kuulutsa popanda GPS amasokonezeka pa mphindi imeneyo.

Chachitatu, chimene ndikufuna akapitawo achimvetse bwino, ndi dongosolo lobwerera pamalo onyamukira. Drone ikataya kulumikizana ndi rimoti, kapena batire ikatsika kwambiri, imakwera kufika pa msinkhu umene inauzidwa n'kubwerera molunjika kumene inachokera. Dongosololi ndi labwino pa bwalo la mpira, koma malo omanga amasintha sabata iliyonse. Ngati msinkhuwo unaikidwa pa mamita 30 mwezi watha, ndipo lero pali kireni yofika mamita 40 pakati pa njirayo, kandege kadzapita kokha kukawomba kireniyo. Maso ake oonera zopinga amaona khoma bwino, koma kawirikawiri saona zinthu zopyapyala monga mawaya a magetsi, zingwe za kireni ndi nthambi zouma.

Nyengo yathu nayo ili ndi zake. Ma drone ambiri a ntchitoyi amapirira mphepo yosapitirira mamita 10 mpaka 12 pa sekondi imodzi, ndipo mwera wa mu June ndi July, makamaka m'mbali mwa nyanja, umatha kufika pamenepo. M'mwamba mphepo imaomba kwambiri kuposa mmene munthu akuimvera pansi, ndipo pakona pa nyumba yaitali imapotoka mosayembekezeka. Mu September ndi October kamvuluvulu amadzuka mwadzidzidzi pa malo olambulidwa, fumbi la simenti limalowa m'mainjini, ndipo kutentha kwa ku Chikwawa ndi Nsanje kumatha kupyola madigiri 40, omwe ndiwo malire amene opanga ma drone ambiri amalemba. Ngakhale akhwangwala ndi akabawi amalimbana ndi kandege akakaona pafupi ndi zisa zawo.

Ndili pa sikafodi ndipo ndamva kulira kwa drone pafupi. Ndichite chiyani?

Musatembenuke msanga kuti muione. Zimenezi n'zovuta kuposa mmene zikumvekera, chifukwa munthu aliyense akamva phokoso lachilendo pamwamba pake thupi limafuna kuyang'ana lisanaganize. Koma munthu amene wakweza nkhope kumwamba ataima pa thabwa lopapatiza amataya kakhazikikidwe ka thupi, ndipo akabwerera phazi limodzi m'mbuyo kuti aone bwino, phazilo limapeza mpweya. Choyamba gwirani pa chitsulo kapena pa mtengo wa sikafodi, ikani pansi chimene mwanyamula, onetsetsani kuti mapazi onse apondetsa, kenako yang'anani ngati pali chifukwa choyang'anira. Ngati muli ndi lamba wachitetezo, akhale womangirira nthawi yonseyo.

Zomwezi zikukhudza amene wagwira makina odulira zitsulo kapena matabwa, woyendetsa kireni amene wanyamula katundu, ndi wopereka zizindikiro kwa galimoto yobwerera chambuyo. Phokoso la drone limathanso kuphimba mawu a mnzanu amene akukuchenjezani. N'chifukwa chake lamulo labwino pa malo omanga n'lakuti kandege kasayandikire munthu amene ali pamwamba, ndipo ngati ntchito ikufuna kujambula mbali imeneyo, anthu ayambe atsika. Kuimitsa ntchito kwa mphindi 15 n'kotsika mtengo poyerekeza ndi munthu mmodzi wogwa kuchokera pa nyumba yachitatu yosanja.

Kodi amene ayenera kuphunzitsidwa ndi woyendetsa yekha?

Ayi, ndipo apa mpamene makampani ambiri amalakwitsa. Amatumiza mnyamata kapena mtsikana mmodzi kukaphunzira, amasunga satifiketi yake mu ofesi, n'kumaganiza kuti nkhani ya chitetezo yatha. Koma woyendetsa amaima patali, pamalo amene wasankha yekha, maso ali pa kandege ndi pa sikirini. Amene angagweredwe ndi wokankha wilibala amene walembedwa ganyu m'mawa womwewo, yemwe palibe amene wamuuza kuti lero kuuluka chinthu. Ndimaona kuti si chilungamo kuti munthu wolandira ndalama zochepa kuposa onse akhalenso wodziwa zochepa kuposa onse za chinthu chimene chingamuphwanye mutu.

Pali magulu anayi ofunika kuwaphunzitsa. Woyendetsa ayenera kudziwa ndege yake komanso malo omanga, ndipo ngati wachokera ku kampani ina alandire malangizo a pamalopo monga mlendo wina aliyense, avale helemeti, nsapato zolimba ndi chovala chowala. Pamafunika munthu wachiwiri woyang'anira, amene ntchito yake ndi kuona kandege ndi malo ozungulira pamene woyendetsa akuyang'ana sikirini. Ameneyu asapatsidwe ntchito ina iliyonse pa nthawiyo. Kapitawo ayenera kudziwa mokwanira kuti athe kukana ulendo umene wabwera pa nthawi yolakwika. Gulu lachinayi, lalikulu kuposa onse, ndi aliyense wogwira ntchito pamalopo, kuphatikizapo alonda, amayi otunga madzi ndi ophika, ndi madalaivala obweretsa mchenga.

Maphunziro a anthu ogwira ntchito pansi akhale otani?

Sakufunika kalasi kapena mabuku. Akufunika kuchitikira pamalo a ntchito pomwepo, m'chilankhulo chimene anthuwo amalankhula, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena, ndipo asadalire chikwangwani cha Chingerezi chomwe theka la anthu sangachiwerenge. Njira yabwino ndi yoti pa msonkhano wam'mawa woyendetsa abweretse drone yozimitsa, batire itachotsedwa, kuti aliyense aione, ainyamule amve kulemera kwake, ndi kukhudza m'mphepete mwa pulopela. Kenako aiulutse patali anthu onse ali pansi, kuti amve kulira kwake koyamba ataima pamalo otetezeka. Chidwi chikathera pamenepo, munthu sadzatembenukanso ali pamwamba.

Pa msonkhano womwewo anthu auzidwe nthawi imene kandege kauluke, njira imene kadutse, malo onyamukira ndi kutererapo omwe atchingidwa ndi chingwe kapena tepi, ndi chizindikiro chimene chiperekedwe. Wezulo ndi wabwino chifukwa amamveka pakati pa phokoso la makina, bola agwirizane kuti kuliza kamodzi kukutanthauza kuti kandege kanyamuka, ndipo kuliza mobwerezabwereza kukutanthauza kuti kavuta, aliyense abisale pansi pa denga kapena silabu. Chizindikirocho chiyeseredwe ndithu, anthu achite ngati zachitikadi, chifukwa chinthu chimene munthu anangochimva ndi khutu amachiiwala mantha akamugwira.

Vuto lalikulu pa ntchito zathu ndi lakuti aganyu amasintha tsiku ndi tsiku. Maphunziro a kamodzi pa chiyambi cha ntchito sakwanira, choncho mawu achidule abwerezedwe m'mawa uliwonse umene drone ikuuluka. Maiko ena akuyesa kuphunzitsa omanga pogwiritsa ntchito magalasi a kompyuta oonetsa malo omanga ngati enieni, ndipo ndi njira yabwino, koma kapitawo wa ku Mzimba kapena ku Mwanza asadikire zimenezo pamene mphindi 10 za m'mawa zili m'manja mwake. Apatsenso anthu mpata wofunsa, pakuti wantchito watsopano amaopa kuoneka wosadziwa, ndipo tonse tikudziwa zimene zinamuchitikira safunsa.

Woyendetsa drone ayenera kukhala ndi maphunziro otani, ndipo kwathu kuno angawapeze kuti?

Kudziwa kukweza ndi kutsitsa kandege munthu amakuphunzira tsiku limodzi. Chimene chimatenga nthawi ndi kudziwa malamulo a mumlengalenga, kuwerenga nyengo, kusamalira mabatire, kuunika chiopsezo cha malo asanauluke, ndi kudziwa chochita zinthu zikalakwika. Ku America, malamulo otchedwa Part 107, omwe anayamba kugwira ntchito mu August 2016, amafuna kuti woulutsa drone pa ntchito yolipidwa akhale wa zaka zosachepera 16, akhoze mayeso, ndipo azibwereza maphunziro pa miyezi 24 iliyonse. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito zomanga, malamulo a Part 101 anayamba mu July 2015, ndipo amafuna layisensi ya woyendetsa komanso chiphaso cha kampani imene ikuchita malondawo.

Malawi sali m'mbuyo pa nkhaniyi. Mu 2016 kunayesedwa kunyamula magazi okayezedwa pa drone ku Lilongwe, ndipo mu June 2017 boma pamodzi ndi UNICEF linatsegula dera loyeserako ma drone pa ntchito zothandiza anthu, lotambalala makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la Kasungu. Mu January 2020 kunatsegulidwa African Drone and Data Academy ku Lilongwe, mogwirizana ndi Virginia Tech ya ku America ndi Malawi University of Science and Technology ya ku Thyolo, kumene achinyamata ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Africa aphunzira kupanga ma drone, kuwaulutsa ndi kusanthula zithunzi zake. Choncho kontirakitala alibe chifukwa chopatsira rimoti mphwake amene anaphunzirira pa YouTube. Kuuluka kwa ma drone kumayang'aniridwa ndi akuluakulu a boma a za maulendo a pandege, ndipo kampani ipite kumeneko kukalembetsa ndi kutenga chilolezo isanayambe. Wolemba ntchito afunse kuona ziphaso, buku lolembamo maulendo amene woyendetsayo wauluka, ndi pepala la inshulansi.

Kodi drone iyenera kutalikirana bwanji ndi anthu?

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma pali mfundo zimene zimafanana. Ku America, ku Britain, ku South Africa ndi m'maiko a European Union msinkhu wovomerezeka popanda chilolezo chapadera ndi pafupifupi mamita 120, ndipo woyendetsa ayenera kumakaona kandege ndi maso ake nthawi zonse. Ku South Africa drone siyenera kuyandikira munthu, nyumba kapena msewu kuposa mamita 50 popanda chilolezo. Malamulo ambiri amasiyanitsa munthu amene akutenga nawo mbali pa ulendowo ndi amene sakutenga nawo mbali, ndipo apa pali msampha. Kukhala wantchito wa pamalopo sikusandutsa munthu kukhala wotenga nawo mbali. Womanga amene akuyala njerwa, osadziwa kuti kandege kali kuti, ndi munthu wofunika kumuteteza monga wodutsa mumsewu.

Njira yosavuta yothetsera zambiri mwa izi ndi kusankha nthawi. Kujambula mapu kungachitike pa nthawi ya nkhomaliro anthu atakhala pamthunzi pamalo amodzi, kapena Lamulungu. Dzuwa la masana limachepetsanso zithunzithunzi pa mapu, kotero injiniya sataya kanthu.

Timamva kuti mabatire ake amaphulika. Kodi ndi zoona?

Mabatire a lithiamu amene ma drone amagwiritsa ntchito amasunga mphamvu yambiri m'thumba lofewa, ndipo akabooka, akaphwanyika kapena akatentha kwambiri amatha kuyaka okha moto wamphamvu wotulutsa utsi wapoizoni. Moto wake umatha kuoneka ngati wazima n'kuyakanso patapita nthawi. Batire yotupa ngati chitumbuwa yafika pa mapeto a moyo wake ndipo isaulutsidwenso, ngakhale mtengo wa yatsopano ukuwawa. Isasiyidwe m'galimoto yotseka padzuwa, ndipo isatchajidwe ikadali yotentha itangotsika kumene. Yosungidwa kwa masiku angapo ikhale ndi mphamvu ya pakati pa 40 ndi 60 peresenti.

Choopsa chimene ndimachiona pa malo athu omanga ndi kotchajira. Kawirikawiri soketi imakhala m'kontena kapena m'kachipinda kosungiramo katundu, momwe mulinso penti, thinala, dizilo ndi matumba a simenti opanda kanthu. Magetsi akathima masana, munthu amasiya batire ili pa chaja n'kuweruka, ndipo magetsi akabwera usiku imatchajidwa popanda woiyang'anira, mwina mlonda atagona pakhomo pomwepo. Batire itchajidwe pamalo opita mphepo, pa konkire kapena pa njerwa, kutali ndi zoyaka, munthu ali pafupi, ndipo pambali pakhale ndowa ya mchenga wouma ndi chozimitsira moto.

Drone ikagwa pafupi ndi ine, kapena ikakodwa penapake, ndichite chiyani?

Musaitole. Mainjini ake akhoza kudzukanso, ndipo batire yomwe yamenyetseka ikhoza kuyaka patapita mphindi zingapo. Patukanipo, chenjezani anzanu, ndipo muitane woyendetsa, yemwe adzaizimitsa, kuchotsa batire ndi kuiika panja pa mchenga kuti aione kwa nthawi. Ikakodwa padenga, pa kireni kapena mumtengo, pasapezeke munthu wokwera mothamanga pofuna kusangalatsa abwana. Kuitsitsa ndi ntchito ya pamwamba ngati ina iliyonse, yofuna makwerero abwino ndi lamba. Ikakodwa pa mawaya a magetsi, palibe amene ayenera kuiyandikira ndi nsungwi, chitsulo kapena chingwe, chifukwa mawaya a mavoti 11,000 kapena 33,000 amatha kudumphitsa magetsi munthu asanawakhudze n'komwe. Pamenepo aitanidwe a ESCOM.

Munthu akachekedwa ndi pulopela, tsindikani pabala ndi nsalu yoyera kuti magazi aleke n'kupita naye kuchipatala. Ngati lavulala ndi diso, liphimbeni mosatsindika ndipo musayese kuchotsa chimene chalowamo. Amene wagweredwa pamutu akaonedwe ndi dokotala ngakhale akunena kuti ali bwino, pakuti kukha magazi kwa m'kati mwa mutu kumaonekera mochedwa, ndipo helemeti imene yamenyedwayo itayidwe.

Kodi abwana akugwiritsa ntchito drone kutizonda?

Funsoli ndi loyenera ndipo asaliseke. Kamera yomwe ikujambula khoma ikujambulanso munthu amene wakhala pansi kupuma. Wantchito akamaganiza kuti akuwerengedwa mphindi, amafulumira mopitirira muyezo, amadumpha zoyenera kuchita monga kumanga lamba, ndipo amachita manyazi kumwa madzi kapena kupita kokadzithandiza pa tsiku lotentha. Nkhawa yotereyi imabala ngozi. Gawo 21 la Malamulo Aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi chake, ndipo ufuluwo suthera pa geti la malo omanga. Kampani inene poyera chimene ikujambula, amene adzaone zithunzizo ndi nthawi imene zidzasungidwe. Ngati yalonjeza kuti zithunzi ndi zoonera mmene ntchito ikuyendera, isadzazitulutse mawa podula munthu malipiro, chifukwa ikatero anthu adzayamba kubisala kandege kakamabwera, ndipo malo obisalamo pa nyumba yosatha si abwino. Zithunzi zoonetsa nkhope za antchito zisaikidwe pa Facebook popanda kuwapempha.

Nanga anthu okhala moyandikana ndi malo omangawo?

Malo ambiri omanga kwathu kuno alibe mpanda, ndipo kandege kakangolira ana a m'mudzi wonse amathamangira komweko, ena kudzaima penipeni pamene kakufuna kutera. Pakhale munthu woyang'anira malire a malo otererapo, ndipo ana akalowa, woyendetsa adikire m'mwamba kapena akatere pamalo achiwiri amene anawakonzeratu. Ndi ulemu komanso nzeru kukaonana ndi amfumu, aphunzitsi aakulu a sukulu yapafupi ndi apolisi a m'deralo tsiku lisanafike, kuwafotokozera chimene chikujambulidwa, chifukwa chinthu chachilendo chouluka pamwamba pa mabafa ndi manda popanda mawu chimadzutsa mphekesera, ndipo mphekesera zikakula amene amakhala pa ngozi ndi antchito omwewo.

Ngati ntchito ili kufupi ndi bwalo la ndege, monga ku Lumbadzi kapena ku Chileka, pasaulutsidwe kanthu popanda chilolezo cha oyang'anira ndege. Mu December 2018 malipoti oti kwaoneka ma drone anaimitsa bwalo la Gatwick ku England, ndipo maulendo pafupifupi 1,000 anasokonekera.

Ndikavulazidwa ndi drone pa ntchito, udindo ndi wa yani?

Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika pa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti antchito ake ndi otetezeka, kuphatikizapo kuwapatsa uthenga, malangizo, maphunziro ndi uyang'aniro wokwanira. Udindowu suchoka chifukwa chakuti drone ndi ya kampani ina imene yangolembedwa ganyu ya tsiku limodzi. Chipukutamisozi cha wovulala pa ntchito chimayendetsedwa ndi Workers' Compensation Act ya 2000, kudzera ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Onetsetsani kuti ngoziyo yalembedwa tsiku lomwelo, sungani mapepala onse a kuchipatala, ndipo lembani maina a anzanu amene anaona. Drone imasunga yokha mbiri ya ulendo wake, msinkhu, liwiro ndi mphamvu ya batire, choncho pemphani kuti mbiriyo isafufutidwe. Ngakhale pamene kandege kagwa osavulaza aliyense, nkhaniyo ilembedwe ndi kukambidwa pa msonkhano wa m'mawa wotsatira.

Kodi wantchito wamba angaimitse ulendo wa drone?

Ayenera kupatsidwa mphamvu imeneyo, ndipo kapitawo ainene ndi pakamwa pake pamaso pa onse kuti wina asadzaope. Woyendetsa amaona malo kuchokera mbali imodzi, pamene wowotcherera amene ali kuseri kwa khoma ndiye akuona kuti kireni yayamba kutembenuka, kuti galimoto ya mchenga yalowa pamalo otererapo, kapena kuti mnzake wakwera padenga osadziwa kuti wezulo analira. Agwirizane mawu amodzi achidule, monga akuti "Tsitsani!", kapena chizindikiro cha manja awiri opingasa pamwamba pa mutu, ndipo aliyense akachipereka woyendetsa achotse kandege pamwamba pa anthu n'kukatsitsa osayamba wafunsa chifukwa. Mafunso adzabwera mapulopela ataima. Zikapezeka kuti panalibe choopsa, woimitsayo athokozedwe pamaso pa anzake, batire isinthidwe, wezulo alizidwenso, ndipo ulendo uyambirenso pamene unalekezera.